Nyimbo Yomwe Inatimangitsa Awiri

Anabwera Lachiwiri m'mawa, cha m'ma 9 koloko, nyengo yotentha ija mvula isanayambe. Ndinali pa shopu yanga ya zitenje ku Area 2, ndikudula nsalu ya ukwati wa mwana wanga wamkazi. Ukwatiwo unali Lamulungu la sabata yomweyo, ndipo abale onse anagwirizana zodzavala nsalu imodzi, choncho ndinali ndi sizasi m'manja chitsegulire shopu. Analowa amuna awiri ovala zovala wamba ndi wapolisi wamkazi wa yunifolomu. Wamkulu wa amunawo anapereka moni mwaulemu, anagwiragwira chitenje china chomwe sankafuna kugula, kenaka anati, "Mayi, bwana akufuna acheze nanu pang'ono ku ofesi. Ngati pali mankhwala omwe mumamwa, tengani."

Munthu satenga mankhwala popita kocheza pang'ono. Ndinapinda nsalu, ndinatseka shopu, makiyi ndinasiyira mayi wa shopu yoyandikana nayo.

Galimoto analibe, akuti inalibe mafuta, ndiye tinayenda wapansi. Tinadutsa m'mphepete mwa msika wa Tsoka, ogulitsa kaunjika atayala kale malonda awo. Anthu amandidziwa kumeneko. Wina anakuwa kuti, "Awatenga amayi a nyimbo!" ndipo amayi ena anasiya makasitomala n'kuyamba nthungululu. Ndisabise, mantha analipo, koma kunyada kunaposa mantha. Ndinkayenda ngati mkwatibwi. Mumtima ndinkati lero dziko liona kuti boma ili likuopa pakamwa pa mayi wogulitsa zitenje.

Ndifotokoze kaye za nyimbozo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikutsogolera nyimbo za amayi a chipani chathu, chomwe nthawi imeneyo chinali chotsutsa boma. Pa msonkhano uliwonse ndinkayambitsa ndine, anzanga n'kumavomera, ndipo zambiri ndinkapeka ndekha. Panali phungu wina yemwe muno ndingomutchula kuti Olemekezeka. Anayambira kwathu. Tsiku lina tinangomva pa wailesi kuti alowa chipani cholamula, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali nditawapekera kale nyimbo:

Galu wa pamsika alibe mbuye,
amatsata fungo la chiwaya.

Pakati pa mizere iwiriyo tinkaikapo dzina lawo. Nyimboyo inafala mpaka makondakitala ankaiyimba poitanira. Patapita nthawi Olemekezekawo anayambana ndi anzawo atsopano n'kubwerera kwathu. Tinawalandira ndi gule, tinawayalira zitenje pansi, nyimbo ya galu tinaisiya. Amayi a chipani cholamula ndiwo anaitola n'kuyamba kuwayimbira, osasintha ngakhale liwu limodzi. Chisankho chitapita, Olemekezeka ataona kuti kwathu moto wa chiwaya wazima, anabwereranso kuja, ifenso tinaitenganso nyimbo yathu. Choncho inayimbidwa ndi mbali zonse ziwiri, molandizana ngati khasu la adzukulu kumanda.

Ku polisi, pa kauntala, anandilanda foni, ndolo ndi mpango wa kumutu. Ndine Msilamu, ndipo kuyambira utsikana wanga sindinayendepo mutu uli pamtunda pamaso pa amuna achilendo. Ndinapempha. Wapolisi wamkazi uja, yemwe omangidwa ankamutchula kuti Madamu, anandiyankha osandiyang'ana.

"Lamulo likuti mipango, malamba ndi zingwe za nsapato. Mungadzimangirire nazo. Mudzaupeza potuluka."

Chitokosi cha amayi chinali kachipinda ka zenera limodzi, kumwamba kwenikweni, ndi chidebe pakona. Munali amayi asanu ndi mmodzi. Maso atazolowera mdima, ndinaona munthu yemwe sindinkamuyembekezera, atatsamira khoma, miyendo atatambasula: Aphunzitsi.

Aliyense ankawatchula choncho chifukwa anali mphunzitsi wopuma pantchito. Anali mayi wa kumpoto, wotsogolera kwaya kutchalitchi kwawo, wokhala kwa mwana wawo ku Area 9, ndipo ndiwo ankatsogolera nyimbo za amayi a chipani cholamula. Tinali tisanapatsanepo moni. Tinkakumana pa maliro a anthu otchuka ndi m'misewu ya ku City Centre, lole yawo ikupita uku yathu ikupita uko, tikulozana zala. Ine ndinkati amayi awo ndi opanda ulemu, ovinira chitenje chaulere. Tsikulo anali atamanga chitenje cha chipani chawo pamwamba pa diresi, nkhope ya mtsogoleri wawo ikumwetulira pamawondo.

"Nanga inu mwalowa bwanji muno," ndinafunsa, "boma lili lanu?"

"Ndifunse inu, mama," anatero. "Nyimbo zanu zonyansa zija ndi zomwe zandibweretsa."

Tinakhala motalikirana momwe kachipindako kanalolera, kutanthauza kuti mapazi athu ankagundana.

Cha m'ma 2 koloko masana anandiitana. Bwana wofufuza anali bambo wodekha, wa magalasi, wolankhula ngati akuwerenga chilengezo cha maliro. Pambali pake panaima wapolisi wina wamtali. Bwanayo anaika foni patebulo n'kuliza nyimbo yojambulidwa. Chithunzi panalibe, anali mawu okha: ng'oma, wenzulo, mayi akutsogolera, gulu likuvomera, dzina la Olemekezeka likumveka bwinobwino. Anati nyimboyo yazungulira m'mafoni mpaka yawapeza ana a Olemekezeka kusukulu, ndipo eni ake adandaula. Palibe ankadziwa kuti inajambulidwa liti kapena kuti. Anthu awiri anali atatsina khutu apolisi, wina anatchula ine, wina anatchula Aphunzitsi.

Sindinadikire n'komwe kuti ithe. "Amenewo ndi iwowo, bwana. Ife sitiyimba mokuwa choncho."

"Nanga anaipeka ndani?"

Ndinati sindikukumbuka. Wapolisi wamtali uja anandithandiza kukumbuka kawiri, ndi dzanja lamanja. Khutu langa lakumanzere limamva mochedwa mpaka lero. Bwana wofufuza anavula magalasi n'kumawapukuta mpaka zitatha.

Kenaka anandiuza momwe zinthu zinalili. "Mayi, ife tikufuna munthu mmodzi, osati awiri. Mukasayina sitetimenti yoti mawuwa ndi a mayi winayo, mukhala mboni ya boma, mupita kwanu. Mukakana, Lolemba nonse kukhoti, ndipo mlandu woterewu belo imavuta. Tamva kuti kunyumba kuli ukwati Lamulungu."

Ndinati bweretsani cholembera. Sindinazengereze, ndipo sindinama pano kuti ndinazengereza. Ndinali wotsimikiza kuti mawuwo si anga, ndipo zoti mayi uja akagone kundende sizinandikhudze. Chomwe chinandiletsa si chikumbumtima ayi, koma magetsi. Anali atathima kuyambira m'mawa, sitetimenti inafunika kutayipidwa, ndipo bwanayo Lachitatu anali ndi ulendo. Anati ndidzasayina Lachinayi.

Atandibwezera m'chitokosi, nthawi ya swala, pemphero lathu la kumadzulo, inakwana. Ndinadziyeretsa ndi timadzi ta m'botolo, koma mutu unali pamtunda. Ndinayesa kukoka diresi kuti ndifunde kumutu, sizinatheke. Ndinangoima choyang'ana kukhoma, misozi ikutsika, ya manyazi osati ya khutu. Ndinamva chinthu chikundigwera paphewa. Aphunzitsi anali atamasula chitenje chawo.

"Chitenje mulibe m'lamulo lawo lija," anatero. "Tembenuzani, nkhopeyo ikhale mkati. Pempherani."

Ndinaswali nditafunda nsalu ya adani anga. Nditamaliza ndinabweza, ndinati zikomo, iwo anati yewo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Maganizo osayina sindinasinthe. Ndinkati chitenje ndi chitenje, koma ukwati wa mwana wanga ndi ukwati wa mwana wanga.

Lachitatu m'mawa tinauzidwa mwambo wa m'chitokosi: chidebe amakataya ndi omwe alowa kumene. Olowa kumene tinali awirife, ndipo chogwirira cha chidebecho chinali chothyoka, moti munthu mmodzi sakanatha. Tinachinyamula wina uku wina uku, tikuyenda pang'onopang'ono, aliyense akuuza mnzake kuti akupendeketsa. Limenelo ndi phunziro lokhalo lomwe Aphunzitsi sanayese kundiposa.

Cha m'ma 10 kunabwera alendo. Anatikhazika tonse awiri pa benchi imodzi pakhonde. Kutsogolo kwanga kunaima bambo wa m'komiti ya chipani chathu, kutsogolo kwa Aphunzitsi kunaima wa chipani chawo. Aliyense ananyamula buledi ndi botolo la chakumwa, ndipo aliyense analawa kaye pamaso pa Madamu, monga mwa lamulo la pamenepo. Wathu anati, "Limbani mtima, mayi. Chipani chili pambuyo panu. Anthu awa alibe umunthu, koma tsiku lawo likubwera, tidzathana nawo mmodzimmodzi." Ndi khutu langa labwino ndinamvanso wa mbali inayo: "Limbani mtima, mayi. Chipani chili pambuyo panu. Izi ndi ntchito za otsutsa, anthu opanda umunthu. Tithana nawo mmodzimmodzi." Onse anajambulitsa nafe zithunzi. Onse anati loya akubwera, ndipo mwina mpaka lero ali m'njira.

M'chitokosimo munali mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, yemwe anagwidwa tsiku lothamangitsa mavenda. Anali munthu wanthabwala, ndipo buledi yense anagawa ndiye, osafunsa kuti uyu wachokera ku chipani chiti. Akutafuna anatiyang'ana uku ndi uku.

"Koma amayi inu, mundikhululukire, si inu pachibale?"

Tonse awiri tinayankha nthawi imodzi, "Ayi ndithu!" Chitokosi chonse chinafa nacho chiseko.

"Ine pamsewu paja," anapitiriza, "ndikangomva lole ya amayi oyimba ndimalongedza tomato wanga. Nsalu sindiyang'ana n'komwe. Nonse mumatsika, mumatiuza kuti tivine, wokana mumamugubuduzira beseni."

Ndinati ife ayi, zimenezo ndi za iwowo. Ndinafotokoza nkhani yomwe ndinkakonda kuinena pa misonkhano, ya momwe amayi a chipani cholamula anavulira mayi wathu chitenje pa depoti, masanasana, chifukwa choti chinali cha chipani chathu. Aphunzitsi anaweramitsa mutu. Sanakane. Anati analipo, anali pamwamba pa lole, ndipo sanasiye kuyimba.

"Nanga wa pa mlatho uja?" anafunsa wa tomato. "Mayi wobereka mwana kumbuyo, anatsala ndi pitikoti yokha. Ndinamufunditsa thumba ndine. Tsiku limenelo ndiye nsalu ndinaiyang'ana." Anandiloza ndi chidutswa cha buledi.

Tsikulo ndinkalikumbukira nthawi zonse, koma ndinali nditalipatsa dzina lina. Za pa depoti ndinkazitchula nkhanza. Za pa mlatho ndinkati atsikana athu anapsa mtima chifukwa anaputidwa. Nanenso ndinali pamwamba pa lole, nanenso sindinasiye kuyimba. Akuluakulu anati anyani sasekana zikundu, koma ine ndinali nditaseka zaka zonsezo osacheuka. Ndinachita manyazi.

M'chitokosi chisoni sichikhalitsa, malo ake ndi ochepa. Masana a tsiku lomwelo panabuka mkangano wa mtundu wina. Aphunzitsi anati nyimbo ya galu inali yosalongosoka mpaka iwo ataikonza.

"Munkangoikuwa, mama. Mawu achiwiri ndinaikamo ndine."

Ndinati mwana wakuba sasanduka wako chifukwa choti wamumeta tsitsi. Anati tiyeni tiyese. Tinayamba motsitsa, ine pamwamba iwo pansi, wa tomato akumenya botolo lopanda kanthu pabondo, ena aja akuvomera. M'malo mwa dzina la Olemekezeka tinaikamo la mwamuna wa mayi wina yemwe anamangidwa chifukwa chomenyana ndi mkazi mnzake, ndipo mayiyo ndiye ankavomera mwamphamvu kuposa tonse. Ndinene zoona, nyimboyo inakoma kuposa tsiku lililonse lomwe ndinaiyimbapo. Madamu anamenya chitseko.

"Muno si mu holo!"

Koma sanachoke mpaka titamaliza, ndipo nsapato zake tinkaziona pansi pa chitseko zikusunthasuntha.

Titapuma, Aphunzitsi anandiuza kuti nawonso anawalonjeza pepala lomwelo, Lachinayi lomwelo. Anali ndi matenda a shuga, miyendo inali itayamba kutupa, ndipo mwana wawo anawauza kuti ku rimandi sakapirira. "Ndinati bweretsani cholembera," anatero. Ndinati nanenso ndinatero, mawu ake omwewo. Tinayang'anana, kenaka tinaseka mpaka kugwirana mapewa. Sitinalonjezane kanthu.

Lachinayi magetsi anayaka. Cha m'ma 11 anandiitana, pepala lili patebulo, dzina langa lili m'munsi, cholembera pambali. Ndinapempha kuti ndimvenso nyimboyo, ndipo bwana wofufuza analola. Ndinatembenuzira khutu lakumanja ku foni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsera.

Mayi wotsogolerayo ankakoka mpweya pakati pa mzere, monga ndimachitira ine. Pa dzina ankakweza mawu, monga amachitira Aphunzitsi. Kulira kwa wenzulo kunali ngati kwa mnzanga wina wa m'gulu lathu, koma mawenzulo onse amagulidwa m'mashopu omwewo. Chomwe ndinamva bwinobwino chinali kusangalala kwa mayiyo potukwana munthu, ndipo chimenecho ndinachizindikira. Mwini mawu sindinathe kumuzindikira.

"Bwana, sindikudziwa."

"Mayi, Lachiwiri munali wotsimikiza."

"Lachiwiri sindinamvetsere. Akhoza kukhala iwo, ndikhoza kukhala ine. Koma nyimboyo ndinapeka ndine, zimenezo lembani."

"Mukudziwa chomwe mukutaya?"

Ndinkadziwa. Ndinaona holo ya ukwati, ndinaona abale onse atavala nsalu ija, ndi mpando wa mayi wa mkwatibwi uli wopanda munthu. Ndinakankhira cholembera kwa iye msangamsanga, chifukwa ndikanachedwa dzanja likanachitola lokha.

Masana mwana wanga anabwera ndi mpunga. Anali atamva kale. Analawa mpungawo pamaso pa Madamu, n'kundiyang'ana, maso ali ofiira.

"Amayi, mwavinira anthu a eni zaka zonsezi. Ukwati wanga ndi umodzi wokha. Bambo anatisiya, inunso musapezeke? Chifukwa cha mayi amene ankakutukwanani?"

Ndinati sindingalumbire pa chinthu chomwe sindikuchidziwa.

"Mwayamba liti?" anatero, n'kunyamula mbale zake n'kumapita.

Pa zonse za sabata imeneyo, mawu amenewo ndiwo anandipweteka kwambiri, chifukwa mwanayo sananame.

Aphunzitsi anaitanidwa pambuyo panga. Anabwerako akutsimphina, anakhala pansi, anati, "Ndamvetsera bwino. Ndi ine. Ndawauza."

"Bodza," ndinatero. "Kupuma kuja ndi kwanga."

"Kukweza kuja ndi kwanga, mama."

Tinakangana mpaka Madamu anatsegula kazenera ka pachitseko. "Amayi inu mutipengetsa. Lachiwiri mumakanirana, lero mukulimbirana. Mlandu si chitenje chaulere."

Lachisanu masana ndinamva kuitana kwa mzikiti wa ku Old Town kukulowera pa zenera lija, chapatali. Ndinali nditatumiza kale uthenga kwa mng'ono wanga kuti Lamulungu adzakhale m'malo mwanga, ndi kumuuza pomwe ndinasunga zovala za mkwatibwi. M'mawa wonse wa tsiku limenelo sindinayimbe, sindinakangane ndi munthu. Wa tomato anandiluka tsitsi kuti ndisamangoganiza.

Bwana wofufuza nayenso anali pa mavuto ake. Ankafuna munthu mmodzi, koma tsopano anali ndi wina woti ndinapeka ndine, wina woti ndinayimba ndine, ndipo palibe wofuna kuchitira mnzake umboni. Kumanga mayi wa chipani cholamula n'kumasula wotsutsa kunali kudziputira nkhani. Ndiye anaganiza kuti popeza eni dandaulo anatimvapo tonse awiri tikuwayimbira, zabwino ndi zoipa zomwe, abwere adzaloze okha.

Olemekezeka anafika cha m'ma 3 koloko. Anawaikira mpando kuseri kwa ofesi, pansi pa mtengo, moyang'ana kukhoma kuti asatione. Apolisi analiza kaye foni ija, kenaka anati ndiyimbe.

"Bwana," ndinatero, "nyimboyi ndi yovomerana. Munthu mmodzi sangaiyimbe monga ikumvekera m'fonimo."

Bwanayo anaganiza, anaona kuti ndi zoona, analamula kuti amayi a m'chitokosi atuluke adzavomere. Anatuluka akuphethiraphethira ndi kuwala, wa tomato atanyamula botolo lake. Ndinafunsa ngati dzina ndilitchule.

"Monga zilili m'foni," anatero bwanayo.

Ndinayamba. Masiku anayi a fungo la chidebe, kenaka mphepo ya panja, dzuwa kumaso, ndi chilolezo cha boma choti nditukwane phungu iye ali pomwepo. Mawu anatuluka okha. Amayi anavomera ngati akhala akukonzekera mwezi wathunthu. Nditamaliza anayamba Aphunzitsi, ataima pa miyendo yotupa ija, dzanja limodzi likuwongolera kwaya yawo ya omangidwa. Akabaza omwe ankadikira makasitomala kunja kwa mpanda anayamba kuomba m'manja. Wapolisi wamtali uja ankayang'ana kumwamba, masaya akunjenjemera. Ine ndinkayang'ana khosi la Olemekezeka chakumbuyo, thukuta likutsikira mu kolala.

"Bwana, ndi uti?" anafunsa wofufuza.

Olemekezeka anati woyamba. Kenaka anati ayi, wachiwiri. Kenaka anafunsa ngati sanali munthu mmodzi yemwe wayimba kawiri.

"Tikhoza kubwereza, bwana," anatero wofufuza, osamwetulira n'komwe. "Ndipo kukhoti adzayimbanso pamaso pa woweruza kuti naye amve. Atolankhani amakhalapo."

Mpaka lero sindidziwa ngati bambo wa magalasi uja anakonza zimenezi dala. Sindimuyamika, chifukwa ndimakumbuka momwe anapukutira magalasi. Koma Olemekezeka anaimirira, anakonza jekete, n'kutembenuka koyamba. Anati iwo ndi munthu wokhululuka, ndipo tonse awiri ndife amayi awo, tinawavinirapo. Pamenepo sananame. Anati nkhaniyi ithere pomwepa.

Anatitulutsa Loweruka cha m'ma 10 m'mawa, chifukwa wosayina mapepala Lachisanu anaweruka msanga. Madamu anandibwezera foni, ndolo ndi mpango, ndipo anadikira kuti ndimange bwinobwino asanatsegule chitseko chakunja. "Musadzabwerenso," anatero. "Koma mawu ndiye muli nawo." Wa tomato tinamusiya momwemo. Anatuluka Lolemba, popanda womuyimbira.

Kunja kwa geti kunaima malole awiri, mbali iyi amayi athu, mbali iyo amayi awo, gulu lililonse likuyimba kuti lagonjetsa adani. Anzanga anandikokera kuti ndikwere nditsogolere. Ndinawakumbatira mmodzimmodzi, chifukwa ndi anzanga ndipo ndimawakonda, koma ndinati ndili ndi ukwati mawa. Aphunzitsi anatengedwa ndi mwana wawo kupita kuchipatala. Ine ndinayenda wapansi, ndekha, wopanda wondiuza pokhotera. Mayi wina wondidziwa anandipatsa nthochi ziwiri, ndipo ndinadya ndikuyenda ngati mwana wasukulu.

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji. Unakoma, asakunamizeni. Madzi osamba okha ndinawayamika ngati mphatso. Zoti boma linandilakwira sindikuzifafaniza: munthu samangidwa chifukwa cha nyimbo, ndipo khutu langa silinabwerere. Chipani sindinatuluke, Aphunzitsi sanatulukenso chawo, ndipo tikakumana timakanganabe za ndale mpaka tiyi kuzizira. Koma kale ndikanena kuti tikadzalowa m'boma adzaona, ndinkaganiza kuti ndikunena za chilungamo. Ndinkanena za chitokosi chomwe chija ndi chidebe chomwe chija, mutangosintha okhalamo. Mayi wa pa mlatho uja ndamufunsafunsa, sindinamupeze, ndipo chimenecho sichinathe mumtima mwanga. Masiku ano ndikapeka nyimbo ndimayamba ndaiyimba ndekha kuseri kwa shopu, nditaikamo dzina langa. Zambiri zimathera komweko.

Lamulungu ukwati unamangidwa kumzikiti m'mawa, masana tinapita ku holo. Mwana wanga anali asanandilankhulebe bwinobwino. Loweruka lija anangondikumbatira n'kundiuza kuti ndikasambe. Aphunzitsi anabwera, anakhala kutsogolo, miyendo atasanjika pa kampando. Amayi ena a kwathu anawayang'ana cham'mbali, koma mpunga unakwanira onse. Nthawi yoti makolo avine itakwana, woyendetsa mwambo anandipatsa maikolofoni. Mkwatibwi anandikodola. Ndinawerama, anandinong'oneza m'khutu lolakwika, ndinatembenuza linalo.

"Amayi, yimbani. Koma lero musatchule dzina la munthu."

Ndinavomera, koma sindinasunge. Ndinatchula limodzi, lake, lomwe ndinamupatsa ndekha ali wakhanda, ndipo ndinalibwereza mpaka anaimirira, misozi ikuwononga zodzoladzola, n'kubwera kudzavina nane.